Kabokosi ka 49:1 sikapangidwanso: zoti adziwe amene ali nako ndi amene amakafuna

aPhiri a ku Chirimba
Akuluakulu, moni nonse. Ndati mumve kwa ine musanamve kumbali: kabokosi kaja ka thiransifoma ya 49:1, kolumikizira coax (chingwe chochokera ku wailesi yolankhulirana ya amateur) kunsonga kwa waya wa mamita 20 umene ndi mlongoti (eriyo), ndasiya kupanga. Tatsala tinayi toyesedwa kale, tikatha tomweto basi.

Vuto lagona pa mphete ya ferrite, chinthu cholimba ngati dongo lootcha chimene timakulungapo waya. Mtima wa kabokosika ndi FT240-43, mphete ya mamilimita 61 mulifupi (43 ndi mtundu wa ferrite yake). Zina zonse, bokosi, waya, mabawuti, zimapezeka ku Limbe kapena m'tauni momuno, koma mpheteyo ndi yoitanitsa kunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa tinthu tochepa sikukutuluka: ndalama zakunja kusowa, mtengo wotumizira kuposa wa katundu, pamwamba pake msonkho. Koma chachikulu n'chakuti mphete zina zotchipa za pa intaneti zolembedwa kuti 43 sizikhala 43. Maonekedwe ndi omwewo, koma zikalowa mphamvu zimatentha msanga. Chinthu chimene sindingachiikire umboni sindingamugulitse munthu.

Amene muli nako kale mtima m'malo. Kusintha kapasita, SO-239 (soketi yolowetsamo coax) kapena bokosi ndizichitabe. Mphete ikasweka yokha ndiye palibe yosinthira.

Nabanda (Namiwawa)
Zikomo potiuza poyera, bambo Phiri. Bwanji osangokweza mtengo? Kugula kopangidwa kale kunja kungadule kuposa pamenepo. Ndipo ambiri m'tauni muno malo ndi ochepa, mlongoti wodyetsera kunsonga ndiwo umakwana.

aPhiri a ku Chirimba
Mayi, mtengo ukanakhala wokha ndikanakweza. Koma mphete iliyonse ikabwera iyenera kukulungidwa, kuyesedwa, ikakanika kumasulanso. Yokanikayo ndalama yapita, kubweza kumene inachokera sikutheka. Ndiye wogula mmodzi azilipirira mphete ziwiri kapena zitatu, si chilungamo.

Che Saidi, Bangwe
Ine ndapempha chinthu chimodzi, achimwene. Lembani pano kapangidwe kake konse, kuti amene angapeze mphete yeniyeni kudzera kwa abale a ku Johannesburg adzikulungire yekha. Katundu athe, koma nzeru isathe naye limodzi.

aPhiri a ku Chirimba
Ndi izi, Che Saidi. Palibe chobisa.

Zofunika: mphete imodzi ya FT240-43 (nambala yake ku kampani yozipanga ya Fair-Rite ndi 5943003801), waya wamkuwa wa vanishi wa milimita imodzi, kapasita ya 100 pF yopirira 3 kV kapena kuposa, SO-239 imodzi, mabawuti awiri a M5 osachita dzimbiri, aliyense ndi manati awiri ndi mawashala, ndi bokosi lapulasitiki la magetsi lokhala ndi labala pachivundikiro. Waya pitani kwa omanga mamotala, amakudulirani pa mita. Wochotsa m'motala yopsa ayi, vanishi wake amakhala atang'ambika kale mosaoneka.

Dulani mawaya awiri, wina mita imodzi ndi masentimita 20, wina masentimita 30. Apotereni limodzi kumayambiriro, pafupifupi masentimita 14, ngati mukupota chingwe koma osalimbitsa kwambiri. Gawo lopotalo likulungeni kawiri pa mphete. Wamfupi wathera pamenepo, ndiye primary, mbali ya wailesi. Wamtali apitirire yekha mpaka akwane ka 14, kuwerengera ndi kawiri koyamba kaja. Mukafika ka 7 muwolotse waya pakati pa mphete kupita tsidya lina, n'kupitiriza, kuti nsonga yotulukira ikhale kutali ndi yolowera. Powerenga, nthawi iliyonse waya akadutsa m'kati mwa dzenje ndi kamodzi, kuphatikizapo kowoloka kaja. Apa ndi pamene ambiri amasokonezera, n'kupezeka akulunga ka 13 kapena ka 15.

14 kugawa ndi 2 ndi 7, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49. Ndiye ma ohm 50 a wailesi amasanduka 2450, pafupi ndi zimene zimapezeka kunsonga kwa waya wa theka la funde.

Kulumikiza: nsonga ziwiri zoyambira pamodzi zipite ku thupi la SO-239 ndi ku bawuti wa pansi (wa ground). Nsonga yotsala ya wamfupi ipite pa phini yapakati. Nsonga ya wamtali ipite ku bawuti wa mlongoti. Kapasita ikhale pakati pa phini ndi thupi, miyendo yake yaifupi momwe mungathere. Vanishi mupale ndi mpeni mpaka mkuwa uwale mbali zonse musanawotcherere, apo ayi mtovu umangokhala pamwamba, pakapita mwezi n'kuyamba kudukiza.

Gondwe wa ku Chilomoni
Ndiwonjezere pa kapasita. Timabuluu tija tolembedwa 2 kV kapena 3 kV totuluka m'ma TV akale nthawi zambiri ndi ta mtundu wa Y5P kapena Y5V. Voteji timapirira, koma pa HF (mafunde a 3 mpaka 30 MHz) timatentha ndipo kukula kwake kumasintha tikafunda. Mudzaona SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi) pa 28 MHz ikuyenda yokha mukamalankhula. Funani kapasita ya mtundu wa NP0, ena amalemba C0G, kapena silver mica.

Ikasowa, chidutswa cha coax ya RG-58 chimagwira ntchito. Chingwe chimenechi chili ndi pafupifupi 100 pF pa mita imodzi. Lumikizani mbali imodzi, inayo isiyeni yotseguka, muzidula pang'onopang'ono mukuyang'ana mita yoyesera. Kunsonga yotsegukayo bwezani ulusi wakunja masentimita awiri kuti usayandikane ndi wapakati, n'kumata. Sichikongola koma sichitentha.

Ntchito ya kapasitayi ili pa mabandi apamwamba, a mamita 15 ndi 10 (21 ndi 28 MHz). Amene amangokhala pa 40 ndi 20 (7 ndi 14 MHz) angathe kuisiya.

Mnyamata wa Zingwangwa
Madala, pepani ndifunse monga wophunzira. Ku msika wa Ndirande kuli ma power supply akale a kompyuta ambirimbiri, m'kati muli mphete zachikasu mbali ina yoyera. Sizingalowe m'malo? Nanga zija za kukhosi kwa chubu cha TV yakale?

Gondwe wa ku Chilomoni
Funso labwino, mphwanga, koma yankho ndi ayi kawiri konse. Yachikasu ndi yoyerayo si ferrite, ndi ufa wachitsulo woumbidwa, mtundu wa 26. Permeability yake, muyeso wa mmene imanyamulira maginito, ndi 75, pomwe ya 43 ili cha m'ma 800. Ukakulunga kawiri pa imeneyo wailesi imaona ngati waya wangodutsa mwachidule, ndipo mphamvu yochepa yomwe yalowa imasanduka kutentha. Inapangidwira kusefa magetsi pa ma kHz, osati kunyamula ma MHz. Ya pa chubu cha TV ndi ferrite ndithu, koma yopangidwira mafunde otsika, pa HF imamwa mphamvu yambiri.

Zoti utole ku Ndirande ndi timigolo tija tokhala pa zingwe za VGA ndi za printa. Tikachuluka pa coax timathandiza kutsekereza mphamvu yobwerera kunja kwa chingwe. Pa thiransifoma ya 49:1 ayi.

Che Saidi, Bangwe
Ndiye mphete ikafika m'manja tiidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni? Pajatu siilembedwa kalikonse pathupi pake.

aPhiri a ku Chirimba
Mayeso ndi atatu, ndipo musadumphe lomaliza.

Loyamba: kulungani waya wina aliyense ka 10, muyese ndi mita ya LC, yoyesera makoyilo ndi makapasita. FT240-43 imapereka cha m'ma 100 µH, kusiyana pang'ono uku ndi uku n'kololedwa. Mukaona 10 µH ndi ufa wachitsulo. Mukaona 300 kapena kuposa, ndi ferrite ya mtundu wina.

Lachiwiri: ngati mphete ilibe utoto, gusitsani mapini a multimeter pathupi pake, motalikirana sentimita imodzi. Mtundu wa 43 ndi wa nickel ndi zinc, magetsi sadutsa mosavuta, mita ionetse ma ohm ochuluka zedi kapena isaonetse kanthu. Ikaonetsa mazana ochepa, ndi ya manganese, si yathu.

Mayeso awiriwa amangochotsa zabodza zoonekeratu. Lachitatu ndilo lenileni. Mukakulunga, ikani rezisita ya pafupifupi ma ohm 2450 pakati pa bawuti wa mlongoti ndi wa pansi. Ya 2200 ndi ya 270 motsatizana zimapereka 2470, n'zokwanira, bola zisakhale zokulunga waya m'kati. Pa NanoVNA, kachipangizo koyesera milongoti, SWR ikhale pansi pa 1.5 kuyambira 7 mpaka 21 MHz, pa 28 ikhoza kukwera pang'ono. Koma chenjerani, SWR yabwino sikutanthauza kuti mphete ndi yabwino. Mphete yomwa mphamvu imaonetsa SWR yokongola kwambiri, chifukwa chomwe chamwedwa sichibwerera. N'chifukwa chake pamafunika timabokosi tiwiri tolumikizana msana ndi msana, mlongoti ku mlongoti, pansi ku pansi, n'kuyesa zomwe zatuluka mbali inayo. Zotayikazo, zimene zimayesedwa mu dB, mugawe pawiri kuti mupeze za kabokosi kamodzi. Kumbukirani kuti 0.5 dB ndi pafupifupi 11 W pa 100 W iliyonse, ndipo 1 dB ndi pafupifupi 20 W. Mawati makumi awiri otsekeredwa m'kabokosi kali padzuwa la Okutobala si masewera.

Nabanda (Namiwawa)
Apa ndi pamene ndimafuna tifike, chifukwa amene ali nato kale timabokosi ayenera kutisamala tsopano popeza palibe china. Anthu ambiri alowa FT8, njira yotumizirana mauthenga pa wailesi kudzera pa kompyuta. Pa SSB, njira yolankhula ndi mawu, mphamvu imakwera ndi kutsika motsatira mawu, mphete imapuma. FT8 imatulutsa mphamvu yonse mosalekeza kwa masekondi pafupifupi 13 pa mphindi theka iliyonse, kwa maola. Munthu akaika 100 W pa 7.074 kapena 14.074 mphete imafunda osapeza mpata wozizira.

Mtundu wa 43 ukafika cha m'ma 130 °C umataya mphamvu yake ya maginito. Chizindikiro chake n'chodziwika: SWR imakhala bwinobwino kwa mphindi khumi kapena makumi awiri, kenaka imayamba kukwera pang'onopang'ono, mwadzidzidzi n'kulumpha. Mukasiya kwa kanthawi imabwerera. Ambiri amaganiza kuti ndi coax kapena wailesi. Ikatero kangapo mphete imang'aluka, kapena vanishi wa waya amapsa. Bambo Phiri, inu malire mumati angati?

aPhiri a ku Chirimba
100 W pa SSB, 50 W pa CW (Morse), 25 W pa FT8. Ndipo osagwiritsa tuner, chipangizo chogwirizanitsa wailesi ndi mlongoti, kukakamiza kabokosika pa bandi imene waya sakugwirizana nayo, monga 30 kapena 17 pa waya wa mamita 20. Wailesi idzaona 1:1 n'kukondwa, koma kunja kuja mphete ikupsa. Waya ameneyu ndi wa 40, 20, 15 ndi 10 basi.

Gondwe wa ku Chilomoni
Wina afunsa za bandi ya 80, ndiyankhiretu. Kukulunga kawiri pa mphete imodzi kumapereka 4 µH ndi pang'ono, n'kochepa pa 3.5 MHz. Pamafunika ka 3 ndi ka 21, kapena mphete ziwiri zosanjikiza, ndi waya wa mamita pafupifupi 40. Koma ka 21 kamawononga pa 10. Simungapeze zonse pa mphete imodzi.

Mbewe, Soche
Chimene chimapha timabokosi kuno si kutentha kokha, ndi madzi. Anthu amamata paliponse poganiza kuti atseka, koma bokosi likatentha masana n'kuzizira usiku limapuma, limakoka chinyezi kudzera pa SO-239. Nthawi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, ngakhale mvula yeniyeni isagwe mukatsegula mupeza timadontho pansi pa chivundikiro. Madziwo akasowa potulukira amakhala momwemo, mkuwa n'kuchita ndere zobiriwira.

Boolani timabowo tiwiri ta mamilimita awiri kunsi kwa bokosi. Aakulu kuposa apo mavu ndi nyerere zimalowa kukamanga. SO-239 iyang'ane pansi nthawi zonse, ndipo coax ipinde kaye kunsi isanapite kunyumba kuti madzi azidontha panjira. Polumikizira PL-259, pulagi ya coax, kulungani tepi yodzimata yokha ija, pamwamba pake tepi wamba yakuda yoteteza ku dzuwa. Silikoni wonunkha ngati viniga musamuike pafupi ndi mkuwa, asidi wake amadya. Funani wolembedwa kuti neutral.

Chinanso, waya wa mlongoti asakoke pa bawuti. Mangani kaye pa mbedza kapena pa insuleta, kenaka kagawo kolendewera kafike pa bawuti. Mphepo ikamagwedeza mtengo wa bulugamu womwe mwamangako, bawuti amazungulira pang'onopang'ono mpaka waya wa m'kati kuduka pa mtovu. Ndiwo matenda ofala kwambiri, ndipo kukonza kwake ndi kwa mphindi zisanu.

aPhiri a ku Chirimba
Zoona, aMbewe. Ndipo multimeter isakunamizeni: pa SO-239 phini ndi thupi zimaonetsa kuti zagundana, chifukwa primary ndi waya wamfupi chabe. Si vuto, ndi mmene kalili. Choyesa ndi pakati pa bawuti wa mlongoti ndi wa pansi. Pamenepo pakapanda kulira, waya waduka m'kati.

Mayi Nyirenda, Chigumula
Ine ndinene mosapsatira: kwa amene ali ndi malo, kutha kwa kabokosika si tsoka. Dipole ya 40, mlongoti wodyetsera pakati, ndi mawaya awiri a mamita 10 ndi pang'ono mbali iliyonse, kudula mpaka igwirizane pa 7.1 MHz. Siifuna ferrite, siitentha, palibe 10 kapena 20 W yotayika m'bokosi. Imagwiranso pa 15. Nsungwi imodzi yaitali pakati, nsonga ziwiri zitsike ngati denga, mwatha. Mukafuna 20, dulani mbali iliyonse pa mamita 5, ikani insuleta ndi kolumikizira, muzitsegula ndi kutseka. Tisamachite ngati popanda mphete yochokera kunja sitingamveke.

Mnyamata wa Zingwangwa
Mayi, n'zoona, koma kwathu kuno nyumba ndi zothithikana. Pakati pa bwalo palibe poimika nsungwi, ndipo coax yolendewera pakati eni nyumba sangalole. Chotheka ndi waya mmodzi kuchoka pa zenera kupita ku mtengo wa mango. Pali njira ina yodyetsera kunsonga popanda ferrite?

Gondwe wa ku Chilomoni
Ilipo, mphwanga, ndipo ndi yakale kuposa timabokositi. Koyilo imodzi ndi kapasita imodzi, bandi imodzi. Pa 7.1 MHz, kuchoka pa 50 kupita pa 2450, masamu amapereka koyilo ya pafupifupi 7.8 µH ndi kapasita ya pafupifupi 63 pF. Koyilo ikhala pakati pa phini ya coax ndi waya wa mlongoti. Kapasita ichoke pa mbali ya mlongoti kupita ku ulusi wakunja wa coax. Ukaiika mbali ya wailesi sizigwira.

Koyilo: paipi ya PVC ya mamilimita 50, waya wa magetsi wa m'nyumba wa 1.5 mm², kukulunga ka 14 pa utali wa masentimita anayi. Kapasita: RG-58 ya masentimita 70, uzidula sentimita imodzi imodzi. Idzathera pansi pa 63 chifukwa mawaya ndi bokosi zili kale ndi kapasitansi yakeyake. SWR ikakana kutsika, tambasula kapena finya koyilo pang'ono, ukapeza malo ake umate ndi guluu. Pa 20 zonse ndi theka: 3.9 µH ndi 32 pF, waya yemweyo wa mamita 20 kapena wa mamita 10.

Kuipa kwake n'kwakuti posintha bandi uyenera kutuluka panja kukasintha bokosi. Ubwino wake, zonse zigulidwa mu hadiweya ya ku Limbe, ndipo FT8 siiopa.

Mbewe, Soche
Pa mawaya onse odyetsera kunsonga pali zinthu ziwiri zosayenera kuiwala. Pa 100 W, kunsonga kuli ma volt pafupifupi 500, pachimake 700. Amawotcha chala mpaka m'kati. Nsonga zonse ziwiri zikhale pamwamba posafika mwana, ndipo pasakhale poti wina angayanikepo zovala. Wayayo asadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi olowa m'nyumba, ngakhale patakhala mpata, chifukwa tsiku lina adzaduka.

Chachiwiri ndi mphenzi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukamaliza kulankhula chotsani coax ku wailesi, nsonga yake ikhale kunja kapena pa ndodo ya pansi. Kuzimitsa wailesi sikuteteza kanthu. Amene muli m'mphepete mwa Soche, Ndirande ndi Michiru mukudziwa mmene kumang'animira.

Nabanda (Namiwawa)
Ndi za phokoso. Mlongoti wodyetsera kunsonga umagwiritsa kunja kwa coax ngati mwendo wake wachiwiri. N'chifukwa chake magetsi akazima, ma inverter ndi ma charger a sola a m'nyumba zoyandikana akayaka, phokoso limakwera pa coax kulowa mu wailesi. Mbali inayo, mukamaulutsa, kompyuta imaduka USB kapena maikolofoni imaluma milomo. Mankhwala ake: waya wa mamita awiri pa bawuti wa pansi, ndi choke, chotsekereza mphamvu yoyenda kunja kwa chingwe, pa coax chingwe chisanalowe m'nyumba. Choke yabwino ndi RG-58 yokulungidwa ka 12 pa FT240-31 kapena 43. Bambo Phiri, mphete zija zakanika mayeso sizingagwire apa? Pa choke kumwa mphamvu si tchimo.

aPhiri a ku Chirimba
Mwaganiza bwino, mayi. Zina zingagwire, makamaka zija zopereka inductance yochuluka. Ndiziyesa pa NanoVNA imodzi imodzi, yomwe itsekereze bwino pa 7 ndi 14 MHz ndiilemba ndi choko n'kuipereka kwa ofuna choke pa mtengo womwe inabwerera. Za ufa wachitsulo ayi, zimenezo zilibe ntchito apa.

Che Saidi, Bangwe
Nanga tikasonkhana anthu khumi n'kuitanitsa limodzi kwa wogulitsa wovomerezeka wa Fair-Rite, mtengo wotumizira n'kugawana? Achimwene mungatikulungire?

aPhiri a ku Chirimba
Kuitanitsa limodzi ndi nzeru, ndipo muitanitse ndi nambala ija 5943003801, osati dzina lokha. Muonjezere makapasita a NP0 m'katundu yemweyo. Koma kukulunga mukulunge nokha, ine ndidzakhala pambali ndi NanoVNA ndi rezisita. Loweruka limodzi masana likwana anthu khumi. Aliyense abwere ndi bokosi lake loboola kale: dzenje la mamilimita 16 la SO-239, anayi ang'onoang'ono a timabawuti take, awiri a M5, ndi awiri otulutsira madzi.

Mnyamata wa Zingwangwa
Ine laisensi ya MACRA sindinatenge, ndikungomvetsera kaye. Ndingabwere nawo?

Mayi Nyirenda, Chigumula
Bwera, mwanawe. Laisensi ndi chizindikiro choitanira choyamba ndi 7Q zimafunika poulutsa, kukulunga waya sikufuna pepala. Koma pomvetsera pokha usawononge ndalama pa FT240. Yaing'ono, FT140-43, ikukwanira ndipo idzakutumikirabe pa mphamvu yochepa ukadzayamba kuulutsa. Kakulungidwe ndi komweko, waya wocheperako pang'ono kuti akwane m'dzenje.

aPhiri a ku Chirimba
Pa tinayi totsala tija, tiwiri tatengedwa kale m'mawa uno. Amene mubweretse takale kuti ndikonze, bwerani ndi kabokosi kokha, waya musiye pamtengo. Koma musanakatsitse lembani SWR pa 7.1, 14.2, 21.2 ndi 28.5, ndi utali wa coax yanu, kuti tidziwe ngati vuto lili m'bokosi kapena panja. Che Saidi, yambani kulemba maina a ofuna mphete, tione ngati tifika khumi.